Kodi dalaivala amamva chindapusa chokha?

Ambiri timakhulupirira kuti dalaivala wothamangitsa galimoto samva za pakamwa, amamva akagwidwa m'thumba. Maganizowa ali ndi pogwira, chifukwa lamulo lopanda chilango silipita patali. Koma zomwe anayesa apolisi a ku Queensland, m'dziko la Australia, zikutiuza kuti nkhani siyithera pamenepo.

Kumapeto kwa 2009, apolisiwo pamodzi ndi akatswiri a ku University of Queensland, motsogozedwa ndi Lorraine Mazerolle, anasintha kalankhulidwe kawo poyeza madalaivala ngati amwa mowa. Mwa masiku onse wapolisi ankangoti munthu apumire m'kachipangizo, theka la mphindi lisanathe n'kumuuza kuti azipita. Tsopano ankayamba wafotokoza kuti sanamuimitse pomuganizira choipa, n'kutchulako za anthu amene afa pamisewu ya chigawocho, kenako n'kumufunsa maganizo ake. Zonsezi zinkatenga mphindi imodzi ndi theka basi. Madalaivala olankhulidwa chonchi anakhutira ndi apolisi kuposa anzawo olankhulidwa mwa masiku onse, ndipo ochulukirapo anati aiganiziranso nkhani yoyendetsa galimoto atamwa.

Wina ati pakamwa n'posavuta, munthu akhoza kulonjeza lero mawa n'kuiwala. N'zoona. Nchifukwa chake kafukufuku wina wa komweko, amene anatuluka mu 2023, ndiye wondigwira mtima. Ena mwa ojambulidwa ndi kamera akuthamanga analandira chindapusa chawo pamodzi ndi kalata yaulemu yofotokoza chifukwa chake apolisi amalimbana ndi liwiro. Ndalama yolipira sinatsike ngakhale pang'ono. Chaka chitatha, milandu ya liwiro ya azaka 25 kupita m'tsogolo omwe analandira kalatayo inali yochepa ndi 11 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ya omwe sanailandire. Kwa achinyamata sinaphule kanthu, ndipo amene analerapo mnyamata sangadabwe nazo.

Tisafulumire kuganiza kuti mawu okoma aliwonse agwira ntchito. Ku Scotland anatengerako njira yolankhula ndi madalaivala pamsewu ija pa nyengo ya Khrisimasi ya 2013, koma zinatembenuka: madalaivala olankhulidwa mwatsopano ndiwo anakhutira mochepa. Akatswiri ofufuza Sarah MacQueen ndi Ben Bradford atacheza ndi apolisi omwe anali pamsewuwo, anapeza kuti ambiri sanauzidwe bwino cholinga chake. Apolisiwo anaona ngati mabwana angowasenzetsa mawu oloweza, ngati kuti kale lonseli sankadziwa kulankhula ndi anthu.