KUPATSA NDI KUDZIPEREKA PAKATI PA ANTHU A KU MEXICO

Akatswiri amene amawerenga mabungwe a zachifundo m'maiko osiyanasiyana amanena kawirikawiri kuti dziko la Mexico latsalira. Kalembera wa 2020 anapeza kuti m'dzikoli muli anthu oposa 126 miliyoni, koma mabungwe olembetsedwa ku boma ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chotere, ndipo ndalama zimene amalandira kuchokera kwa nzika sizingafanane ndi za ku United States, dziko loyandikana nalo. Munthu wopupuluma angaweruze kuti anthu a ku Mexico ndi ouma manja. Kuweruza kotere nkulakwa, pakuti madzi oyenda pansi pa mchenga saoneka kwa munthu wongodutsa. M'nkhani ino tifuna kulongosola njira zimene kupatsa kwa anthuwa kumatsata, chifukwa chake kumalambalala maofesi, ndiponso funso limene kukusiyira aliyense wosinkhasinkha za chikondi cha pa mnzathu.

Mwambo wa makolo

Asanafike Asipanya m'zaka za m'ma 1500, mitundu ya anthu a m'dzikoli inali kale ndi mwambo wogwirira pamodzi ntchito za mudzi. Mpaka lero m'chigawo cha Oaxaca mwambowu ulipo, ndipo umatchedwa tequio, mawu ochokera ku chilankhulo cha Nahuatl otanthauza ntchito kapena msonkho. Pa tsiku limene msonkhano wa mudzi wapangana, banja lililonse limatumiza munthu wake kukalambula msewu, kukakumba ngalande ya madzi, kukamanga sukulu kapena kukakonza tchalitchi. Palibe malipiro, ndipo wojomba popanda chifukwa amalipira chindapusa. Mwa maboma aang'ono 570 a m'chigawochi, oposa 400 amasankha atsogoleri awo motsata miyambo ya makolo, ndipo m'malo ambiri otere munthu sapatsidwa udindo waukulu asanatumikire mudzi pa maudindo aang'ono kwa zaka zingapo.

Anthu a mtundu wa Zapotec ali ndi mwambo winanso wotchedwa guelaguetza. Banja likakhala ndi ukwati kapena maliro, anansi amabwera ndi chimanga, nkhukundembo, zakumwa ndi nkhuni. Zonsezi zimalembedwa m'kabuku, kuti tsiku lina mnansiyo akadzaona zake adzabwezeredwe mofanana. Akuluakulu athu anati kupatsa nkuika, ndipo Mzapotec sangavutike kumva tanthauzo lake.

Tiyenera kunenanso kuti mwambo wabwino ukhoza kupotozedwa. Atsamunda a ku Spain anatenga chizolowezi chogwira ntchito mosinthana nachisandutsa ntchito yokakamiza m'migodi ndi m'minda yawo, monga momwe mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana, anadzasandukira goli m'minda ya azungu ku Nyasaland. Kuyambira pamenepo anthu wamba anaphunzira kusiyanitsa ntchito imene mudzi wagwirizana ndi ntchito imene wamphamvu walamula.

Eklezia ndi nyumba zoyamba za chifundo

M'nthawi ya atsamunda pafupifupi ntchito zonse zosamalira odwala, amasiye ndi okalamba zinali m'manja mwa Eklezia ndi Akhristu opeza bwino. Chipatala cha Hospital de Jesús mu mzinda wa Mexico chinayambika cha m'ma 1524 ndipo chikulandirabe odwala. Mu 1775 Pedro Romero de Terreros, mwini migodi ya siliva, anakhazikitsa Monte de Piedad, nyumba yokongoza ndalama kwa osauka amene asiya chikole, kuti awapulumutse kwa anthu a katapira.

Koma munthu woyenera kumukumbukira koposa ndi Vasco de Quiroga. Iyeyu anafika mu 1531 ngati woweruza milandu wa mfumu ya Spain, ndipo ataona m'mene eni dziko ankazunzikira anagula malo ndi ndalama zake namanga mudzi wa Santa Fe pafupi ndi mzinda wa Mexico mu 1532, ndi wina pafupi ndi nyanja ya Pátzcuaro mu 1533. Maganizo ake ena anawatenga m'buku la Utopia la Thomas More Woyera. M'midziyi anthu ankalima munda wa onse, ankagwira ntchito maola asanu ndi limodzi pa tsiku, ankaphunzira ntchito za manja, ndipo zokolola ankagawana monga mwa kusowa kwa banja lililonse. Pakati pa mudzi panali nyumba yolandirira odwala ndi alendo, imene anthu eni ake ankasamala mosinthana. Pambuyo pake Quiroga anadzakhala Episkopi woyamba wa Michoacán, namwalira mu 1565, koma anthu a mtundu wa Purépecha akumutchulabe Tata Vasco. Nzeru yake inali yakuti osauka akhale eni ntchito yowathandiza, ndipo anaimanga pa maziko a mwambo umene anaupeza.

Mwa njira yomweyo timagulu ta Akhristu totchedwa cofradías tinkasunga chuma cha onse chothandizira pa maliro ndi pa matenda. Udindo wa mayordomo, munthu wosenza kwa chaka chathunthu zofunika pa chikondwerero cha woyera amene ali nkhoswe ya mudzi, ulipobe m'midzi yambiri. Woulandira amawononga chuma chake kudyetsa mudzi wonse, ndipo chimene amapindula ndi ulemu wokha.

Pamene boma linalanda ntchito za chifundo

Kuti timvetse kuchepa kwa mabungwe lero, tiyenera kuyang'ana mkangano wa pakati pa boma ndi Eklezia. Lamulo la Lerdo la 1856 linakakamiza Eklezia ndi midzi ya eni dziko kugulitsa malo awo a onse. Mu 1859 Benito Juárez analamula kuti chuma cha Eklezia chikhale cha boma, ndipo mu 1861 zipatala ndi nyumba za chifundo zinaikidwa m'manja mwa boma. Pofika 1875 Asisitere a Chifundo a Vincent de Paul Woyera, amene ankatumikira m'zipatala zambiri, anali atatulutsidwa m'dzikoli. Malamulo aakulu a 1917 anamana mipingo ufulu wokhala ndi chuma, ndipo mkangano unafika pa nkhondo ya Cristero ya 1926 mpaka 1929. Zoletsazi zinafewetsedwa mu 1992, chaka chimene Mexico inayambanso ubale ndi Vatican.

Kuyambira 1929 mpaka 2000 dzikoli linalamulidwa ndi chipani chimodzi, chimene chinadzadziwika ndi dzina lakuti PRI. Chipanichi chinasonkhanitsa alimi, anthu a ntchito ndi aphunzitsi m'magulu omvera icho, ndipo thandizo la boma linkabwera kawirikawiri ngati mphotho ya kukhulupirika pa chisankho. Mibadwo itatu inakula ikudziwa kuti bungwe lalikulu lililonse lili ndi mwini wake wobisika. Nchifukwa chake kafukufuku amene Michael Layton wa pa sukulu ya ukachenjede ya ITAM anatsogolera mu 2005 ndi 2008 anapeza kuti anthu ambiri amakonda kuika mphatso yawo m'manja mwa wosauka amene akumuona, koposa kuipereka ku bungwe.

Chivomezi cha 1985

Pa 19 September 1985, nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa, chivomezi chachikulu chinagwedeza mzinda wa Mexico. Nyumba zosanja mazanamazana zinagwa, kuphatikizapo mbali za zipatala zazikulu ndi nyumba ya Nuevo León ku Tlatelolco. Anthu zikwizikwi anafa. Boma la Pulezidenti Miguel de la Madrid linachedwa kuchitapo kanthu, ndipo poyamba linaonetsa kuti silikusowa thandizo la maiko ena.

Anthu sanadikire lamulo. Ophunzira, amisiri, amayi a pamsika ndi oyendetsa magalimoto anandanda m'mizere kupatsirana ndowa za zigumukire, anaphika chakudya m'misewu, nasandutsa magalimoto awo kukhala onyamulira ovulala. Anyamata ena ankakwawira m'mipata ya pansi pa zipupa kukatulutsa amoyo, ndipo anthu anawatcha Topos, dzina la kanyama kofukula pansi konga mfuko. Gululi lilipobe ndipo lathandizapo pa ngozi za m'maiko ena. Amayi osoka zovala a ku San Antonio Abad, ataona kuti mabwana ena akuthamangira kupulumutsa makina pamene anzawo ali pansi pa zipupa, anayambitsa bungwe lawo la anthu a ntchito nalitcha dzina la tsiku lomwelo. Mabanja otaya nyumba anagwirizana nakakamiza boma kuwamangira m'malo awo akale m'malo mowataya kunja kwa mzinda.

Olemba ngati Carlos Monsiváis anati m'masiku amenewo ndi m'mene munaonekera poyera chimene m'Chisipanishi amati sociedad civil, ndiye kuti anthu wamba odzisonkhanitsa okha pa zabwino za onse, osatumidwa ndi boma kapena chipani, ndiponso osafuna phindu. Zipatso zake zinaoneka m'zaka zotsatira. Mu 1988 Manuel Arango anakhazikitsa bungwe la Cemefi lolimbikitsa kupatsa, ndipo chaka chomwecho ansembe a Chijezuwiti anatsegula likulu loteteza ufulu wa anthu lotchedwa ndi dzina la Miguel Agustín Pro. Mu 1989 Episkopi Samuel Ruiz anachitanso chimodzimodzi ku Chiapas. Mu 1994 nzika zikwizikwi zinadzipereka kuyang'anira chisankho kudzera m'gulu la Alianza Cívica. Pamene chivomezi china chinagwa pa tsiku lomwelo la 19 September mu 2017, nkupha anthu pafupifupi 370, achinyamata anadzazanso misewu, ndipo wofukula akakweza nkhonya khamu lonse linkakhala chete kuti mawu a wotsekeredwa amveke.

Njira zimene chifundo chikuyenda lero

Mtsinje waukulu koposa ndi wa ndalama zimene anthu ogwira ntchito kunja, makamaka ku United States, amatumiza kwawo. Mu 2023 zinapitirira madola 63 biliyoni. Zambiri ndi za banja, komabe magulu a anthu ochokera mudzi umodzi amasonkhanso zomangira misewu, zipatala ndi matchalitchi. Mu 2002 boma linayamba ndondomeko yoonjezera ndalama zitatu pa ndalama iliyonse yotere, potengera chitsanzo cha ku Zacatecas, ngakhale kuti pambuyo pake inalekeka. Alipo mabungwe aakulu amene anthu amawakhulupirira, monga Cruz Roja Mexicana ya 1910, ndi Teletón imene kuyambira 1997 yakhala ikusonkhetsa ndalama pa wailesi ya kanema zomangira malo othandizira ana olumala.

Chitsanzo chokhudza mtima chili ku Veracruz, m'mudzi wa La Patrona. Kuyambira 1995 amayi a kumeneko anayamba kuphika mpunga ndi nyemba, kuzimanga m'timatumba pamodzi ndi mabotolo a madzi, ndi kuponyera anthu a ku Central America okwera pamwamba pa sitima ya katundu yotchedwa La Bestia. Sawadziwa maina, ndipo sayembekeza kuti adzabwezeredwa. Palinso magulu a amayi ofunafuna ana awo, m'dziko limene mu 2022 chiwerengero cha anthu osowa chinapitirira 100,000. Amayiwa amakumba okha m'thengo ndi mafosholo, ndipo ambiri akapeza wawo amapitiriza kufunira anzawo.

Chifundo ndi chilungamo

Kupatsa kwa maso ndi maso kuli ndi ulemerero wake, pakuti wolandira amaonedwa ngati munthu wokhala ndi nkhope. Komabe kuli ndi malire ake. Kabuku ka guelaguetza kamadziwa okhawo amene angathe kubweza. Khamu la pa chivomezi limabalalika fumbi likatha, pamene wolumala ndi wamasiye adzasowa thandizo kwa zaka makumi. Ntchito zokhalitsa zimafuna mabungwe, ndipo mabungwe amafuna kukhulupirirana kumene mbiri ya dzikoli inakuwononga. Ngakhale lamulo la 2004 linavomereza mabungwe a anthu wamba, mu 2019 Pulezidenti Andrés Manuel López Obrador analamula kuti boma lileke kuwapatsa ndalama, ponena kuti thandizo lizipita kwa anthu popanda mkhalapakati. Kukayikirana kwakale kuja kunaonekeranso.

Maepiskopi a ku Latin America, atasonkhana ku Puebla mu 1979, anatsimikiza kuti Eklezia aziika osauka patsogolo, ndipo zimenezi zikutanthauza kufunsanso chimene chikuwasaukitsa. Apapa Benedikito XVI, m'kalata yawo ya 2005 yonena za chikondi, anaphunzitsa kuti chikondi chimasowa dongosolo kuti chitumikire bwino, komanso kuti ngakhale boma litalungama chotani, silidzachotsa kufunika kwa munthu wodzipereka kwa mnzake. Mbiri ya Mexico ikuchitira umboni mbali zonse ziwiri. Boma litafuna kusenza lokha ntchito za chifundo, anthu anabisa kupatsa kwawo m'banja ndi m'mudzi. Boma litalephera, kupatsa komweko kunatuluka nkupulumutsa mzinda.

Ntchito imene yatsala ndi yomwe Tata Vasco anaiyamba: kumanga mabungwe amene osauka angawatche awo, oonetsa poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, ndiponso otsegukira mlendo amene dzina lake silinalembedwe m'kabuku ka mudzi. Amayi a ku La Patrona aonetsa kuti mtima wotere ulipo kale. Chofunika ndi nyumba yoti ukhalemo, kuti usamadikire chivomezi.