EAC yakula msanga, nanga yakhwima?

Mu 2000, bungwe la East African Community, EAC mwachidule, linali ndi mayiko atatu okha: Kenya, Tanzania ndi Uganda. Lero alipo asanu ndi atatu. Rwanda ndi Burundi adalowa mu 2007, South Sudan mu 2016, DRC mu 2022, ndipo Somalia idatsiriza ndondomeko yake mu 2024. Pamapu zikukongola ndithu: msika wa anthu oposa 300 miliyoni, kuchokera kunyanja ya Indian mpaka ku Atlantic.

Kulowa kwake kumayenda chonchi: dziko limapempha, akatswiri amapita kukaliunika, nduna zimakambirana, kenako atsogoleri onse ayenera kuvomereza. Pangano la bungweli limafuna ulamuliro wabwino, demokalase, kulemekeza ufulu wa anthu komanso kuyandikana ndi mamembala. Sudan idabwezedwa mu 2011, mwa zina chifukwa sinkachita malire ndi membala aliyense.

Koma tisanamizane, pa nkhani ya ulamuliro ndi bata, sefa ya EAC ili ndi mabowo akuluakulu. South Sudan idalandiridwa nkhondo yapachiweniweni isanazilale. Somalia idalowa ikulimbanabe ndi Al-Shabaab. Ochirikiza njirayi amati mnansi wamavuto ndi bwino kumukokera m'nyumba, akonzekere momwemo.

DRC ndiyo yayesa ganizo limeneli. Itangolowa, EAC idatumiza asilikali kum'mawa kwa dzikolo kumapeto kwa 2022. Pulezidenti Félix Tshisekedi adadandaula kuti sakuthira nkhondo zigawenga za M23, ndipo pofika Disembala 2023 adalongedza. M'malo mwawo mudalowa asilikali a SADC, kuphatikizapo a Malawi, ndipo ena adataya miyoyo mu Januwale 2025, mwezi umene M23 idalanda mzinda wa Goma. DRC imaloza chala Rwanda kuti ndiyo imathandiza M23, Rwanda imakana. Onsewa ndi mamembala a bungwe limodzi.

Kuthumba nakonso sikuli bwino. Mayiko ena amachedwa kupereka ndalama za umembala, ntchito za kulikulu ku Arusha n'kumatsimphina. Ndalama imodzi yomwe adagwirizana mu 2013 kuti ibwere m'zaka khumi adaikankhira ku 2031.

European Union imachita mosiyana. Kuyambira 1993, dziko limayenera kukonza makhoti, chuma ndi malamulo ake lisanalowe. Croatia idapempha mu 2003 n'kulowa mu 2013. Turkey idayamba zokambirana mu 2005, mpaka pano ikadali panja. Njirayi ndi yotopetsa, koma imakakamiza kusintha pamene dziko likulakalakabe kulowa. Likalowa, ndodo yolikusira imakhala yafupika.

Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo EAC ikudziwa bwino, poti idagwapo kale mu 1977. Ndiye mukadzaona pafoni panu kuti dziko lina lalowa, musathamangire kuwerenga mbendera. Funsani ngati mayi wa geni wa ku Goma akuwoloka ndi katundu wake kupita ku Gisenyi mopanda mantha.