William ndi Fatsani, ana awiri kunja kwa kalasi

Mafilimu awiri amene ndaonera posachedwapa amayambira pa vuto limodzi: mwana wanzeru wapezeka kunja kwa kalasi. Yoyamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yomwe Chiwetel Ejiofor adaikonza potengera moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Yachiwiri ndi Fatsani: A Tale of Survival ya Gift Sukez Sukali, yomwe dziko lino lidatumiza ku mpikisano wa Oscar mu 2021. Nkhani zake sizichitikira ku Machinga kapena ku Balaka, komabe munthu wa kuno akamazionera amazindikira minda ndi misewu yakwawo.

William amuthamangitsa kusekondale chifukwa bambo ake alephera kulipira fizi, njala ya 2001 ndi 2002 itafika pakhomo. Fatsani sanamuthamangitse munthu: sukulu yake ndiyo yatsekedwa chifukwa cha uve ndi katangale, ndipo iye wayamba kugulitsa zipatso mumsewu. Kwa mnyamatayo sukulu ilipo, ndalama palibe. Kwa mtsikanayo mtima wophunzira ulipo, sukulu palibe. Ife a ku Machinga timakumbukira kuti a Bakili Muluzi, mwana wa boma lino, ndiwo adachotsa fizi kupulayimale mu 1994. William amatikumbutsa kuti khomo la sekondale lidakhalabe lolipira, pomwe Fatsani amatiuza kuti fizi ikachoka, ukhondo ndi chilungamo cha oyendetsa sukulu zimafunikabe kuti mwana akhale m'kalasi.

Mlimi wa ku Balaka, kumene mvula imagwa mwanjomba, safuna womumasulira nkhope ya bambo a William atayimirira m'munda wouma. Chaka cha 2024, El Niño atawotcha chimanga m'maboma ambiri, nkhope yomweyo idaonekanso m'midzi yathu. Ndipo pali chowawa chimene filimu ya William imadzutsa mwa ife: mtsinje wa Shire umadutsa pa Liwonde, madzi ake amakayatsa magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pomwe minda yapafupi ikudikirabe mitambo. Fatsani naye si mlendo. Basi ikangoima pa Liwonde kapena pa depoti ya Balaka, ana amathamangira pamazenera ndi nthochi, mandasi ndi mazira owiritsa, ena pa nthawi yomwe anzawo ali m'kalasi.

Njira zopulumukira ndizo zimasiyana kwambiri. William amapeza buku la Using Energy mulaibulale, amatola zitsulo padzala, amakangana ndi bambo ake pa nkhani ya njinga mpaka makina oyendera mphepo atapopa madzi pachitsime. (M'moyo weniweni makina ake oyamba adangoyatsa mababu m'nyumba, mpope udabwera pambuyo pake.) Fatsani alibe chitsulo choti asule, pakuti adani ake ndi anthu amene adapatsidwa udindo n'kuugulitsa. Filimu yoyamba ingamusiye woonera akuganiza kuti njala imatha mudzi ukabala mwana mmodzi wanzeru zapadera. Yachiwiri ingamusiye ali ndi mkwiyo wosadziwa poyambira. Koma chiweruzo chotere chingalakwire onse awiri. Ejiofor sadabise dzanja la anthu m'njala ija: timaona mitengo ikugulitsidwa ku kampani ya fodya, anthu akuphwanyana pogula chimanga cha boma, ndi mfumu ikumenyedwa chifukwa chotchula njala pamsonkhano wa pulezidenti. Sukali nayenso sadamuchotsere Fatsani mphamvu zake. Mtsikanayo amagwa, amadzuka, amayankhula.

Pa luso, maso amakondera kwina, makutu kwina. Filimu ya William idali ndi ndalama zakunja ndipo idafalitsidwa ndi Netflix. Fumbi, kuwala kwa dzuwa ndi Gule Wamkulu zidajambulidwa mosamala, ndipo imfa ya Khamba, galu wa William, imafinya mtima popanda mawu ambiri. Chichewa chake n'cholemera pakamwa, popeza Ejiofor, amene adasewera bambo a William, ndi wa ku Britain ndipo Maxwell Simba, amene adasewera William, ndi wa ku Kenya. Khutu limapuma wosewera wakwathu Lily Banda akatsegula pakamwa. Ine sindiwanyoza Ejiofor ndi Simba, chifukwa akadatha kungoyankhula Chingerezi chokhachokha koma adasankha kuvutika ndi chiyankhulo chathu. Mu Fatsani, Hannah Sukali, amene adasewera mtsikanayo, ndi anzake amayankhula monga tiyankhulira pamsika, ndipo zimenezi zimaphimba malo ena amene filimuyo imafotokoza kwambiri zomwe diso laona kale. Ya William idaonetsa Malawi ku dziko lonse. Ya Fatsani idaonetsa Amalawi kwa Amalawi anzawo.

Amene waonera imodzi yokha wamva theka la mlandu, choncho sindifulumira kunena kuti iyi yapambana. Pempho langa likupita kwa eni nyumba zoonetsera mavidiyo ku Ntaja, Ulongwe, Liwonde ndi pa Balaka, komanso kwa aphunzitsi aakulu: pakati pa mafilimu ankhondo aja, patulani tsiku loonetsa awiriwa motsatizana, ndipo muitanenso makolo ndi ana amene adasiya sukulu.