Netiweki ya pa chulu: ngongole ya intaneti idafika kwathu?

Mchemwali wanga atakhoza mayeso a MSCE, banja lonse lidavina. Koma padatsala pang'ono kuti chimwemwecho chithere m'misozi. Fomu yofunsira malo ku yunivesite imayenera kutumizidwa pa intaneti, pomwe kwathu, kuseri kwa Mitundu, netiweki imagwira pa chulu cha m'munda mwa agogo basi.

Masiku awiri tidakhalira kukwera chulucho, foni m'mwamba, tsamba likungozungulira. Tsiku lotsekera tidakwera kabaza mpaka pamsika wa Mitundu, fomu n'kupita kutatsala maola ochepa.

"Achimwene, nanga amene alibe ya kabaza atani?" adandifunsa tikubwerera. Ndidasowa poyankha. Ine ku Likuni komwe ndimakhala, mavidiyo a pa TikTok ndimaonera ndili gone pabedi.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zidakongoledwa kale. Mu 2017 boma lidatenga ngongole ya madola 72.4 miliyoni ku World Bank ya pulojekiti ya Digital Malawi. Chaka chomwecho kampani ya Huawei idayamba kuyala nthambo za fibre zolumikiza maboma, ndi ngongole yochokera ku Exim Bank ya ku China. Nalo lamulo la zamtokoma la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund ku MACRA, loti lizifikitsa mafoni ndi intaneti kumadera omwe makampani saonako phindu.

Ndiye vuto lili pati? Fibre ili ngati msewu wa M1 pa Nathenje. Tala ndi wabwino ndithu, koma mlimi wa kumtunda amafunabe kamsewu kofika pakhomo pake. Kamsewuko ndi nsanja ya netiweki, magetsi oyendetsa nsanjayo, komanso bandulo yoti munthu wogulitsa tomato angakwanitse. Chimodzi chikasowa, nthambo imangodutsa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Ngongolezi tidzabweza tonse kudzera m'misonkho, kuphatikizapo agogo anga omwe sadagwirepo WhatsApp.

Tsono inu muli ndi foni m'manjamu, musangodandaula pa Facebook. Mukapita kumudzi, kafunseni khansala ndi phungu wanu pamsonkhano wa chitukuko kuti nsanja ifika liti.

Mchemwali wanga adapeza malo. Mnzake wa m'kalasi, yemwe adakhoza kuposa iye, fomu yake sidapite. Akudikira chaka chamawa.