Gemu yoti bambo, mayi ndi ana asewere mbali imodzi

Makolo anzanga, mukudziwa mmene zimakhalira mukafika pakhomo m'mawa kuchokera ku shifiti yausiku. Maso ali psuu, miyendo yalema, ndipo mwana amene simunamuone chichokereni dzulo ali pampando, kontirola ili m'manja. Mukam'patsa moni amayankha osacheuka. Ine ndimalondera nyumba yosungiramo katundu kuno ku England masiku anayi pa sabata, Lamlungu n'kukaima pa gome kutchalitchi. Mnyamata wanga ali ndi zaka 9, mtsikana 6. Kwa nthawi yaitali mankhwala anga anali amodzi: kuzimitsa TV n'kubisa kontirola pamwamba pa kabati. Tsiku lina ndili kuchipinda ndinamva mnyamatayo akuuza mayi ake kuti, "Adadi sadziwa chilichonse chimene ndimakonda." Tulo sindinatione tsiku limenelo.

Ndinayamba ndi gemu ya mpira, poganiza kuti poti mpira ndimaudziwa, zindiyendera. Anandichinya zigoli 7, ine osagoletsa n'chimodzi chomwe. Iye kuseka, ine kukwiya, mlongo wake kulira chifukwa panalibe malo ake. Masewero opikisana ali ngati bawo: amakoma pamene osewerawo akufanana mphamvu. Inu ndi mwana wobadwira kunoyu simufanana, ndipo wofooka ndinu.

Chimene mukufuna ndi gemu imene nonse muli timu imodzi, kulimbana ndi vuto limodzi. Pogula, yang'anani mawu akuti local co-op kapena couch co-op. Amatanthauza kuti musewera pa TV imodzi, m'chipinda chimodzi, ndipo mungofunika kontirola yachiwiri. Ikalembedwa online co-op yokha, ndiye kuti aliyense afunika makina ake ndi intaneti, mwinanso kulipira mwezi ndi mwezi.

Pachikuto pamakhalanso nambala. Kuno ku Britain ndi ku Ulaya ndi ya PEGI: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ku America a ESRB amagwiritsa ntchito zilembo monga E, T ndi M, pamene ku South Africa ntchitoyi ndi ya Film and Publication Board. Koma dziwani ichi: nambalayo imanena za zimene zili m'katimo, monga nkhanza, mawu otukwana kapena zoopsa. Sinena ngati gemuyo ndi yosavuta. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi Overcooked.

Overcooked inatuluka mu 2016, yopangidwa ndi kampani yaing'ono ya kuno ku England yotchedwa Ghost Town Games, ndipo anthu mpaka anayi akhoza kusewera. Muli m'khitchini. Wina adule anyezi, wina atereke mphika, wina atsuke mbale, wina apereke chakudya nthawi isanathe. Mukaiwala mphika pamoto, khitchini imayaka. Amene munathandizapo kuphika pa ukwati kumudzi, mafuwa ali ndandanda, aliyense akufuula kuti nkhuni zatha, mudzaizindikira msanga. Ili pa PEGI 3, koma imathamangitsa mtima. Tsiku loyamba ndinapezeka ndikukalipira mwana wazaka 6 chifukwa cha supu wam'kompyuta. Anaika kontirola pansi n'kupita kuchipinda. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abusa, ulaliki wa kuleza mtima uja unali wa anthu ena?" Ndinakapepesa mwanayo. Ngati muli ndi wamng'ono, pezani Overcooked! All You Can Eat, imene ili ndi assist mode: nthawi imachuluka, maoda sathamanga, ndipo gawo likakukanikani mukhoza kulidumpha.

Kwa mwana amene akungophunzira kugwira kontirola, magemu a Lego ndi ofatsa. Kamunthu kako kakagwa kamangophwasuka n'kubwereranso pomwepo, palibe kuyambiranso pachiyambi. Wachiwiri akhoza kulowa kapena kutuluka nthawi iliyonse, choncho mukaitanidwa pafoni mwana amapitiriza yekha. Ambiri ali pa PEGI 7. Ena, monga a Harry Potter, nkhani yake ndi ya matsenga, ndiye kambiranani m'banja musanagule. Ife tinasankha Lego City Undercover, ya wapolisi wothamangitsa mbava, ndipo ana amati ndi ntchito ya adadi. Sindinawatsutse, ngakhale ntchito yanga yeniyeni ndi kuyang'ana makamera ndi kuzungulira mpanda ndi tochi.

Koma imene yasintha zinthu kwathu ndi Minecraft, yopangidwa ndi Mojang ya ku Sweden, imene Microsoft inagula mu 2014. Pa Xbox, PlayStation ndi Nintendo Switch sikirini imagawika kuti aliyense aone mbali yake. Ndinkaikayikira chifukwa muli mizukwa ndi mfiti zimene zimaukira osewera. Mukaika pa Peaceful zimenezo sizibwera. Mukaika pa Creative mumakhala ndi zomangira zonse ndipo simufa. Ndinauza ana kuti timange mudzi wa agogo awo. Tinamanga nyumba, khola, nkhokwe ndi chitsime. Chimanga mulibe m'gemumo, tinalima tirigu, maungu ndi nzimbe. Mafunso anayamba okha: nkhokwe n'chiyani, bwanji imakhala pamwamba, mbuzi zimagona kuti? Ana amene ndinkawakakamiza Chichewa patebulo osaphula kanthu tsopano akuti nkhumba, nkhosa, khasu, chifukwa akufuna kundiuza chimene ndikatenge. Mnyamata ndiye mphunzitsi wanga pa mabatani, ndipo ndaona kuti amaleza nane mtima kuposa mmene ine ndimachitira naye pa masamu.

Chenjezo limodzi. Mukafunsa m'sitolo, ambiri adzakuuzani It Takes Two ya Hazelight, imene inapambana mphotho ya gemu yabwino koposa ya 2021 ku The Game Awards. Ndi yokongoladi, ndipo siseweredwa ndi munthu mmodzi. Koma ili pa PEGI 12, nkhani yake ndi ya makolo amene akufuna kusudzulana, ndipo pali malo pamene makolowo amazunza ndi kupha kachidole kanjovu ka mwana wawo, kakuchonderera. Wazaka 6 musamuonetse. Ngati banja lanu ladutsa m'mikangano posachedwa, ganizirani kawiri ngakhale kwa wamkulu.

Za ndalama, tonse tili ndi fizi ndi feteleza zotiyembekeza kumudzi. Gulani madisiki ogwiritsidwapo kale ntchito kapena dikirani mitengo itsike. Khadi lanu lakubanki musalisiye m'makina popanda pasiwedi, ndipo tsekani kucheza ndi anthu osawadziwa. Nintendo ndi Xbox ali ndi mapulogalamu apafoni a makolo oikira malire a nthawi.

Kwathu timasewera Loweruka madzulo kwa mphindi 45, ndisanavale yunifolomu. Sabata yatha tinabwerera ku Overcooked tonse anayi. Mtsikana anasankha yekha kutsuka mbale, mayi ake ankadula tomato, mnyamata ankalamula, ine ndinapatsidwa ntchito yonyamula chozimitsira moto. Khitchini inayaka kawiri, tinapeza nyenyezi ziwiri mwa zitatu, ndipo basi ya kuntchito ndinaikwera ikunyamuka.