Ana a Machona ndi Mbiri za Moyo Wao

M'sukulu za ku Kadoma ndi ku Chegutu, mizinda imene kufikira chaka cha 1982 inkatchedwa Gatooma ndi Hartley, muli ana ambiri a mfunda wa Phiri, Banda ndi Mwale. Makolo ao akale anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena pansi, ena pa malole a Ulere, nadzalowa ntchito pa mgodi wa golide wa Cam and Motor, pa mgodi wa Dalny ku Chakari, m'mapulazi, kapena m'nyumba zoombera nsalu za David Whitehead. Ambiri sanabwerere kwao, ndipo kumudzi anawatcha machona. Lero zidzukulu zao zilankhula Chishona, ndipo mwana akafunsidwa mudzi wa agogo ake angoti, "ku Malawi." Mphunzitsi wofuna kuphunzitsa ana otere kulemba mbiri ya moyo wao ali ndi ntchito yoposa ya galamala.

Ayambe ndi kuwerenga. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anakhalapo kalaliki pa mgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anasiya mbiri yake, My Life and the ICU, imene inasindikizidwa mu 1970 mwini wake atamwalira kale. Kenneth Kaunda, mwana wa mphunzitsi wochokera ku Nyasaland, anatulutsa Zambia Shall Be Free mu 1962. Koma loposa onse pokopa ana ndi I Will Try, la Legson Kayira, la 1965, pakuti lisimba za mnyamata amene ananyamuka pansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, nafika ku Khartoum patapita zaka ziwiri. Mdzukulu wa tchona aumva msanga ulendo wotere.

Powerenga, ana azindikire kuti wolemba za iye mwini ndiye mboni ndiponso mwini mlandu. Asankha zoti anene, nabisa zina. Kadalie, mwachitsanzo, sachita manyazi kudzitama. Tsono mphunzitsi azifunsa kuti, "Kodi apa walumpha chiyani? Nanga mnzake amene anakangana naye akadasimba bwanji?"

Pofika polemba, ana ambiri ayamba ndi tsiku lobadwa, natsiriza ndi dzina la sukulu, mizere isanu basi. Mankhwala ake ndi kuwatuma kwa akulu. Mwana akakhale pansi ndi agogo ake, awafunse mudzi, mfumu yake, boma limene ankakhomerako msonkho, pamene anaolokera Zambezi, ndi chimene anadya tsiku loyamba pa komboni. Mayankho awalembe monga atulukira m'kamwa, ngakhale mbiri yonse ili m'Chishona kapena m'Chingerezi. Chichewa ndi chimodzi cha zinenero 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anazivomereza, ndipo sichiyenera kubisidwa. Pambuyo pake mwana asankhe tsiku limodzi la moyo wake, monga tsiku la maliro pamene gule wamkulu anatuluka, alisimbe lonse, kuyambira m'mamawa.

Maina amenewa ali ndi ntchito inanso. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a machona opanda dziko, zitupa zao zitalembedwa kuti ndi alendo. Malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linachokera m'maiko oyandikana nao a SADC, koma pokatenga chitupa afunsidwabe za makolo, ndipo nkhalamba zodziwa mayankho zikutha.

Chinthu chimodzi mphunzitsi asamale. Pali ana amene anatonzedwapo ndi dzina lakuti mabwidi, pali amasiye, palinso osadziwa atate ao. Otere asakakamizidwe kuwerenga mbiri yao pamaso pa anzao. Kope lao aliwerenge mphunzitsi yekha, ndipo alibweze m'manja mwa mwini wake.