Buku latuluka, tsono aligule ndani?

Mlembi wa ku Machinjiri akamaliza nthano yake yaitali yoyamba amayesa kuti wawoloka. Walemba usiku magetsi atathima, wapempha mnzake wophunzitsa kusekondale kuti amuonere zilembo, ndipo ndalama yosindikizira waipeza movutikira, mwina ku banki m'khonde, mwina pogulitsa katundu wa m'nyumba. Koma makatoni akangotsika pa minibasi pa Luwanda n'kukalowa kuchipinda, kunsi kwa bedi, ntchito ina imene sanaiphunzirepo imayamba. Kuchokera tsiku limenelo iye yemweyo ndiye wotsatsa malonda, wonyamula katundu, wosunga kaundula ndiponso wotolera ngongole.

Ku London kapena ku Johannesburg kuli mwambo wodziwika wothandiza mlembi wotere. Kampani yosindikiza imagwirizana ndi sitolo ya mabuku, monga Exclusive Books ya ku South Africa, n'kulengeza tsiku. Mlembi amakhala pa tebulo, anthu amagula buku pa kauntala, amaima pamzere, iye n'kumasainira aliyense pa tsamba loyamba. Mwambowu umayenda chifukwa sitolo ilipo, anthu anazolowera kulowamo, ndipo wolipira zonse si mlembi.

Mu Blantyre sitolo za mabuku n'zowerengeka. CLAIM ilipo, Central Bookshop ndi Grey Matter anthu amazidziwa, koma katundu amene amayenda kwambiri m'masitolo a mabuku kuno ndi mabuku a sukulu, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi makope olembamo. Ku Machinjiri, Bangwe, Ndirande, Chilomoni ndi Zingwangwa munthu apeza msanga pojambulitsa mapepala ndi pogula mayunitsi kusiyana ndi pogula nthano yatsopano. Amene amagulitsa nthano mowirikiza ndi anyamata oyala mabuku akale m'makonde a sitolo ku Limbe ndi m'tauni, ndipo ambiri mwa mabukuwo ndi akunja, otsika mtengo kuposa buku la mlembi wa konkuno lomwe langotuluka dzulo.

Sizinali chonchi nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kampani ya Popular Publications ya ku Limbe, yomwe inali ya a Montfort, inkatulutsa mabuku a alembi a m'dziko muno, ndipo Dzuka nayonso inkasindikiza. Kunali Malawi Book Service, bungwe la boma limene linkafikitsa mabuku m'masitolo ake ndi m'masukulu. Ndiyo nyengo imene anthu anawerenga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba, komanso nthano za Whyghtone Kamthunzi. Mlembi wa nthawi imeneyo anali ndi mantha ake, chifukwa lamulo la 1968 linapatsa bungwe lounika zolembedwa mphamvu yoletsa buku lililonse, koma buku likaloledwa panali anthu olembedwa ntchito yoligawa. Malawi Book Service inatha m'zaka za m'ma 1990. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, phindu la osindikiza linatsamira ku mabuku a m'kalasi, ndipo wolemba nthano anatsala yekha ndi zolemba zake. N'chifukwa chake ambiri lero amadzilipirira okha kwa osindikiza.

Chimene chinalowa m'malo mwa mzere wa m'sitolo ndi mwambo wokhazikitsa buku, ndipo uwu ndi wathuwathu. Mlembi amabwereka holo, kaya ya mpingo, ya sukulu, kapena malo a zaluso monga Jacaranda Cultural Centre. Amaitana mlendo wolemekezeka: mkulu wa kampani, phungu, m'busa wodziwika kapena mphunzitsi wa kuyunivesite. Pamakhala pemphero, wotsogolera mwambo, alakatuli awiri atatu, ndi wina wowerenga bwino amene amafotokoza zomwe zili m'bukumo popanda kuulula mathero. Kenako mlendo wolemekezeka amadula kansalu komwe kamanga makope oyamba, amakweza buku m'mwamba kuti ojambula ajambule, n'kutchula mtengo umene iye aligulire. Mtengowo umaposa wa buku kangapo. Apa wotsogolera mwambo amadzuka mphamvu: aitana anzake a kuntchito, a kumpingo, a kuchimuna, a kuchikazi, ophunzira nawo kale, gulu lililonse ndi nthawi yake, monga zimakhalira pa perekaniperekani wa ukwati.

Palibe chifukwa chonyozera mwambowu. Ukayenda bwino, mlembi amabweza ngongole ya kwa osindikiza masana amodzi. Koma uli ndi zinthu ziwiri zimene watsopano amazizindikira mochedwa. Choyamba, ndalama zambiri zotchulidwa pa chimkuzamawu zimakhala malonjezo. Bwana amene anaomberedwa m'manja Loweruka amakhala ali kumsonkhano Lolemba, ali kumunda Lachitatu, ndipo mlembi amatha nsapato ndi mayunitsi akulondola cheke, pamene a holo, a zokuzira mawu ndi wojambula analandira zawo kale. Chachiwiri ndi chowawa kwambiri kwa munthu amene analemba kuti awerengedwe: ogula a tsikuli anabwera chifukwa cha iye, osati chifukwa cha nthanoyo. Buku logulidwa pa mtengo wonyadira kawirikawiri limakagona mu kabati ya mu ofesi lisanatsegulidwe.

Sabata yotsatira makatoni akadalipo, ndipo apa m'pamene kusainira kwenikweni kwa m'makwalala kumayambira.

Tiyerekeze tebulo laling'ono loyalidwa nsalu panja pa tchalitchi ku Area 5 ya ku Machinjiri, Lamlungu la kumapeto kwa mwezi, mapemphero atangotha. Anthu amafika, ndipo amafika ambiri. Amatenga buku, amayang'ana chikuto, amatembenuza kumbuyo kuti aone ngati chithunzicho ndi cha munthu yemweyu amene amakumana naye pa mjigo. "Achimwene, ndiye kuti munalemba nokha zonsezi?" Wina amafunsa ngati lili pa silabasi. Amayi ena amafunsa ngati muli mayankho a mayeso a Fomu 4, akamva kuti ndi nthano chabe amalibweza mwaulemu. Amalume amafika akumwetulira: "Nanga ife abale tigulenso?" Mnzake wa kuntchito amatenga awiri, akuti tionana mwezi ukatha. Wachinyamata wovala bwino amawerenga tsamba lathunthu ataimirira, amayamikira kwambiri, n'kumaliza ndi mawu amene mlembi aliyense wa masiku ano anawamvapo: "Munditumizire pa WhatsApp."

Koma pamapezeka bambo mmodzi amene amatulutsa foni, natumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kunena kuti, "Mulembe dzina la mwana wanga, kuti adziwe kuti olemba mabuku amakhalanso konkuno." Mlembi wochenjera amafunsa kalembedwe ka dzinalo asanagwetse cholembera, pakuti Chikondi ndi Chimwemwe savuta koma mayina a makono ali ndi zilembo zobisika, ndipo buku lolakwitsidwa dzina silingagulitsidwenso kwa wina. Siginecha yokha si imene bamboyo walipirira. Iye akufuna umboni woti mwana wake aziuona pa tsamba loyamba.

Nkhani ya ngongole ndi imene imagwetsa ambiri. Kukaniza mlamu kapena mkulu wa mpingo n'kovuta, ndipo mlembi wachimwemwe amagawa makope khumi oyamba asanawerengere kuti aliwonse anamudyera ndalama zingati. Amene anadutsamo amasunga kope lolembamo mayina, amasiyanitsa makope ochepa opereka mwaulere kwa atolankhani ndi aphunzitsi, ndipo otsalawo satuluka m'katoni ndalama isanalowe.

Mtengo nawo suli m'manja mwa mlembi. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya kwa osindikiza inakwera limodzi ndi ya sopo ndi mafuta. Kusindikiza makope ochepa kumakwezanso mtengo wa buku lililonse, pamene kusindikiza ambiri kumafuna ndalama zimene watsopano alibe. Ndiye bukulo likafika pa tebulo ku Khama limapikisana ndi ndowa ya chimanga, thumba la makala ndi ndalama ya minibasi ya sabata yonse. Wokana kugula sikuti amadana ndi kuwerenga ayi.

Mawu oti Amalawi sawerenga amanenedwa mopepuka kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 69 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Masamba a Chichewa a Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News akhala akuwerengedwa mpaka kung'ambika, nyuzipepala imodzi kudutsa m'manja mwa anthu angapo. Ndipo taonani alakatuli. Robert Chiwamba anatchuka dziko lonse ndi ndakatulo zomvera pa wailesi ndi pa foni, ndipo anthu amalipira pakhomo kukamvera Chitsinda cha Ndakatulo. Anthu omwewo amene amadutsa tebulo la mabuku amakhala pansi maola atatu kumvetsera mawu olukidwa bwino. Wolemba nthano amene amangokhala chete kuseri kwa mulu wa mabuku, cholembera m'manja, akutsanzira mwambo wa kwina n'kusiya umene ukugwira ntchito pakhomo pake. Ataimirira n'kuwerenga mokweza masamba awiri, n'kulekezera pamene mkazi wa m'nthanoyo watsegula chitseko, anthu angafune kudziwa amene anali panjapo, ndipo yankho lili m'buku. Ngati nthanoyo ndi ya Chichewa, kuwerenga kotereku kumakoka ngakhale agogo amene anangoima podikira mdzukulu.

Alembi amene apita patali anayamba ndi kusonkhanitsa anthu asanawagulitse kanthu. Shadreck Chikoti, amene nthano yake Azotus the Kingdom inapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013 n'kutuluka ngati buku mu 2015, anayambitsa Story Club ku Lilongwe, bwalo limene olemba, owerenga ndi aluso ena amakumana kumvetsera ndi kukambirana zolembedwa. Upile Chisala, amene anakulira ku Zomba, anadzisindikizira yekha buku la ndakatulo la soft magic mu 2015, owerenga anamupeza pa intaneti, ndipo mu 2019 kampani ya ku America ya Andrews McMeel inalitulutsanso. Stanley Onjezani Kenani anafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012, dzina lake litazolowereka kale kwa owerenga nthano zazifupi. Onsewa analemba m'Chingerezi, zimene zinawatsegulira misika ya kunja. Wolemba m'Chichewa msika wake uli pano, ndi ku Chipata, Tete ndi kwa abale a ku Joni, ndipo akuyenera kuufikira ndi mapazi, wailesi ndi foni.

Pempho la WhatsApp lija lili ndi mbali ziwiri. Kutumiza buku lonse n'kudzibera wekha, chifukwa likalowa m'gulu limodzi lafika m'magulu makumi. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza mlembi, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti liziyang'anira zimenezi, kuphatikizapo kujambula mabuku pa makina a fotokope, koma palibe amene angalondole foni iliyonse ya mu Ndirande. Mutu umodzi wokha, kapena mawu a mlembi akuwerenga kwa mphindi zitatu, ndiwo woyenera kuyenda ulere, pamodzi ndi nambala yotumizirapo ndalama ndi malo okatengera buku. Wa kabaza wodalirika amakafikitsa.

Pali tinthu tina ta m'maofesi timene watsopano amadumpha pofulumira. Nambala ya ISBN, imene masitolo ndi malaibulale amafunsa, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno kope lake likasungidwe komweko. Bungwe la alembi la MAWU, lomwe linayamba mu 1995, ndi pokumanira ndi amene anadutsa kale njirayi.

Loto la mlembi aliyense ndi silabasi. Nthondo ya Samuel Josia Ntara inatuluka mu 1933, koma ophunzira a kusekondale akhala akuiwerengabe pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo Smouldering Charcoal ya Paul Tiyambe Zeleza, ya mu 1992, inadziwika m'dziko lonse mwa njira yomweyo. Buku likasankhidwa, masukulu ndi makolo amaligula okha. Koma osankhidwa ndi ochepa kwambiri, ndipo mndandanda ukakhazikika umatenga zaka usanasinthe.

Khomo la sukulu limene lili lotseguka kwa watsopano ndi laling'ono: mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Chingerezi amene amayang'anira kalabu ya olemba. Masukulu a sekondale, aboma ndi omwe si aboma, ndi ambiri kuyambira ku South Lunzu mpaka ku Nkolokoti. Mlembi amapempha kwa mphunzitsi wamkulu ola limodzi masana, amawerengera ana, amayankha mafunso awo, amene nthawi zambiri amakhala oti analemba miyezi ingati ndiponso ngati mtsikana wa m'nthanoyo alipodi. Ana alibe ndalama, koma sukulu ikhoza kugula makope asanu a mulaibulale, ndipo lililonse lidzawerengedwa ndi kalasi yonse mpaka chikuto kuthothoka. Makope ena amasiyidwa kwa mphunzitsi uja, chiwerengero chake n'kulembedwa pa pepala limene onse awiri asainira, ndipo mlembi amabweranso sabata yotsekera teremu, makolo akubwera kudzatenga zotsatira za mayeso, kudzawerengera ndalama ndi mabuku otsala.